Kadontho Kabuluu

1

Tandiuzani, owerenga anzanga, inu amene mumaloza wakuba filimu isadafike ndi pakati pomwe: mahedifoni anga atayamba kumveka mbali imodzi, ndani adali woyamba kudziwa chimene chidavuta? Anthu a m'nkhaniyi si ambiri. Mukumana ndi mayi wa m'sitolo amene adandigulitsa mahedifoniwo, abwana anga, alamu anga, mkazi wanga ndi dokotala wina wa mawu ochepa. Palibe mlendo amene atulukire kumapeto. Sankhani wanu, mumusunge mumtima.

Ine ntchito yanga ndi kumva. Ndimasakaniza mawu mu situdiyo yojambulira nyimbo. Oimba akaimba, zonse zimabwera pa tebulo langa la mabatani, ndipo ine ndimagamula kuti uyu akwere, uyu atsike, uyu apite kumanja, uyu kumanzere. Ndidayambira m'maholo ndi m'mabwalo, kuima pafupi ndi masipika aatali kuposa ine, kenaka ndidakwezedwa n'kulowa m'chipinda chozizira. Dzina langa lenileni anthu adaliiwala kalekale. Amangoti "a Khutu." Woimba wina adafalitsa nkhani yoti ndidamva nsambo ya gitala kuti iduka mawa lake, ndipo idadukadi. Nkhaniyo ndi yabodza, koma sindidaitsutsepo. Bodza lokukometsera umalipatsa mpando.

Alamu anga ndi achimwene a mkazi wanga, aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Adasunga katundu pa fakitale ina kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osasowetsa ngakhale msomali. Fakitaleyo itatsekedwa adakhala chaka ndi theka akuyenda ndi makalata ofunsira ntchito, mpaka adabwera kudzakhala nafe ndi sutikesi imodzi ndi jekete limodzi. Wosunga zipangizo wa ku situdiyo atachoka, ndidawalankhulira kwa abwana. Adawapatsa mwezi umodzi woyeserera: akakhoza, ntchito ndi yawo. Pa msinkhu wawo tonse tinkadziwa kuti limeneli mwina ndi khomo lomaliza kuwatsegukira.

Mkazi wanga adandithokoza mpaka misozi. Ine ndidayenda sabata yonseyo ngati ndine ndidalenga ntchito pa dziko lapansi.

2

Lolemba la sabata yachiwiri ya alamu pa ntchito, ndidakagula mahedifoni amene ndidakhala ndikuwalota kwa zaka zitatu. Osati aja a m'mbali mwa msewu, opachikidwa pamodzi ndi malamba ndi masokosi. Awa ndi olowetsa m'kati mwa khutu: timitu tiwiri tachitsulo, tosaposa nyemba kukula, tofanana ngati mapasa. Kusiyana kwake ndi kadontho kokha, kofiira kumanja, kabuluu kumanzere. Kamutu kalikonse kamazuka pa chingwe, kuti chingwe chikaduka usataye zonse. Mtengo wake sindinena. Ndingoti firiji yathu idapitiriza kulira ngati thirakitala kwa chaka china.

Wogulitsa adali mayi wa magalasi ochindikala, wosathamanga polankhula. Adatsegula kabokosi ngati akundionetsa mwana wakhanda. M'kati mudali timphira tovalika kumapeto kwa timituto, tili pa mizere: ting'onoting'ono, tapakati, tatikulu, ndi tina tasiponji.

"Bambo, nkhani yonse ili pa timphirati," adatero. "Kamphira kakapanda kutseka khutu bwino, besi, mawu akuya aja, imathawira panja, inu n'kutsala ndi phokoso la chitini. Muyese tonse. Ndipo makutu a munthu mmodzi salingana. Lina likhoza kufuna kakakulu, linzake kapakati."

"Mayi," ndidatero ndikumwetulira mwachifundo, "mukuphunzitsa mmisiri kugwira hamala. Ine ndi a Khutu."

"Chabwino, a Khutu. Koma ngakhale khutu limafuna kamphira kake."

Ndidayesa pomwepo, pakati pa phokoso la galimoto za pamsewu ndi fani ya m'sitolomo. Ndidamva woimba akumeza malovu. Ndidamva chala chikutsetsereka pa nsambo. Ndidalipira ndisadaganize kawiri, poopa kuti kuganiza kawiri kungandikumbutse firiji.

Kunyumba mkazi wanga adayang'ana kabokosiko, kenaka ine.

"Ndi timeneti basi? Ine ndimayesa mubwera ndi chinthu chonyamula anthu awiri."

"Mlongo, zing'onozing'ono ndi zimene zimadula," adatero alamu, kundiikira kumbuyo monga mwa masiku onse. "Suona mankhwala a m'maso?"

3

Za Lachiwiri ndilibe nazo mawu pakadali pano. Ndidapita ku ntchito, ndidatseka chitseko cha situdiyo, ndidakhala ndekha kwa ola limodzi, madzulo ndidabwerera kunyumba. Lachitatu m'mawa ndidali pa khomo la sitolo ija mayi uja akufufuzabe makiyi m'chikwama.

"Kumanzere sikukumveka bwino," ndidatero. "Mawu akumwamba kulibe. Timbale ta woimba ng'oma tikumveka ngati wina watifunditsa bulangete."

Adandikhazika pa kampando, sukulu n'kuyamba. Dzanja lamanja lidutse pamwamba pa mutu likakoke khutu lakumanzere m'mwamba. Pakamwa patseguke pang'ono. Kamutu kalowe mopotokola, kenaka khutu lisiyidwe. Kasiponji ukafinye kaye ndi zala, ukalowetse, udikire kafufume kokha. Tangoganizani munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wodziwika ndi oimba onse, dzanja lili pamutu, kukamwa kuli yasa, ngati nkhuku yomwa madzi.

"Tsopano tang'ung'udzani kanyimbo," adatero. "Mawu anu akamagunda m'mutu ngati muli m'mgolo, ndiye kuti kwatseka."

Ndidang'ung'udza. Tidayesa timphira tonse, kamodzikamodzi, mpaka tidapeza: kapakati kamphira kumanja, kakakulu kasiponji kumanzere. Ndinene zoona, sindidavalepo chinthu chokhala bwino chotero. Sadandipweteke, sadagwe ndikapukusa mutu, ndipo besi idabwera ngati bingu la mvula yoyamba. Koma bulangete lija lidali pomwepo.

Mayi uja adatenga mahedifoniwo, adavalika timphira tatsopano, namvera atatsinzina. Adatenga nthawi.

"Ine ndikumva bwinobwino mbali zonse," adatero. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tasinthanitsani, bambo. Kofiira kumanzere, kabuluu kumanja. Bulangetelo likasamukira kumanja, vuto ndi kamutu, ndikupatsani ena lero lomwe. Likakhala pomwepo..."

Sadamalize, ndipo ine sindidamudikire.

"Mayi, amene anapanga zinthuzi anaika timadonthoti ali ndi nzeru zake. Kufiira ndi kumanja. Ine sindivala nsapato mosemphanitsa kuti ndione ngati mwendo uli bwino."

"Nsapato ayi," adatero mofatsa, "koma sizikulipiritsani kanthu."

Ndidatuluka ndi ulemu wanga wonse, ndi kathumba ka timphira tasiponji. Kunyumba sindidauze aliyense kuti ndidabwererako.

4

Loweruka masana tidali pa balaza. Ine ndinkawerenga nyuzi, mkazi wanga adakhala kumanzere kwanga akusoka batani la jekete la achimwene ake. Ndidangoona atandigwira pa bondo.

"Bambo, inu simumva."

Mawu amenewa adakhala akundiuza kwa zaka ziwiri. Koma chilankhulo chathu n'chachifundo. Mwamuna akauzidwa kuti samva, ali ndi ufulu wosankha tanthauzo limene lamukomera. Ine nthawi zonse ndinkasankha la makani, chifukwa makani ndi matenda a anthu olemekezeka.

"Ndimve za ndani?" ndidayankha moseka. "Mwamuna womva zonse amafa msanga."

"Sindikunena za makani anuwo. Ndakuitanani katatu."

"Ndimaganiza za ntchito, mayi."

Adaluma ulusi ndi mano.

Nthawi yomweyo alamu adalowa kuchokera pa khonde. "Alamu, tandilawitsaniko nanga, ndimve chimene chinadya firiji ya mlongo wanga."

Ndidawabwereka. Adayamba akasamba m'manja, kenaka adalandira kabokosiko ndi manja awiri ngati mazira a eni ake. Ndidawavalikira timphira tina, ndidawaonetsa za kukoka khutu ndi kutsegula pakamwa, ngati nzeruzo ndidabadwa nazo, n'kuwaikira nyimbo yakale imene ankaikonda. Ndidawasiya pa khonde, ine n'kupita kosamba. Mphindi khumi zokha. Muzisunge mphindi zimenezi, chifukwa nanenso ndidazisunga.

Pobwera ndidawapeza akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Alamu, nyimbo iyi ndaimva zaka makumi atatu, koma sindimadziwa kuti kumbuyo kuli munthu wachitatu akuimba nawo. Zoona ndalama ili ndi makutu ake."

Adakulunga chingwe mosamala, monga achitira munthu amene wasunga katundu moyo wake wonse, nandibwezera akuwerenga mokweza: "Timitu tiwiri, chingwe chimodzi, kabokosi kamodzi. Landirani, mwini wake."

5

Masiku amenewo ndinkasakaniza chimbale cha kwaya ya anthu makumi anayi. Wotsogolera wake adali mphunzitsi wopuma pa ntchito, mayi amene ngakhale akamapereka moni umamva ngati akukufunsa funso la mayeso. Ntchito yonse ndidaichita ndi mahedifoni atsopano aja. Kumanzere kukamveka kofunditsidwa, ine ndinkangokweza mawu akumwamba mbali imeneyo. Pang'ono lero, pang'ono mawa, mpaka zonse zidakhala bwino m'mutu mwanga.

Lachinayi lotsatira mphunzitsiyo adabwera kudzamvera pa masipika, abwana ali pomwepo. Nyimbo yoyamba isadafike pakati, mayi uja adapendeketsa mutu.

"Imitsani kaye. Bwanji asopulano anga akundibaya khutu lakumanzere ngati singano? Ine ndinabwera ndi kwaya, osati anthu onola mipeni."

Abwana adayang'ana timagetsi toonetsa kukwera kwa mawu. Ta kumanzere tinkafika pofiira, ta kumanja tili phee m'munsi. Timagetsito tidali pamaso panga sabata yonse, koma munthu wotchedwa Khutu safunsa nzeru kwa timagetsi.

"A Khutu," adatero abwana motsitsa mawu, "nanga izi?"

Ndidaona dzina langa la zaka makumi awiri ndi ziwiri litaima m'mphepete mwa tebulo ngati kapu yoti igwa. Ndidaona oimba akunong'onezana m'makonde, akusamutsira nyimbo zawo kwa anzanga a makutu atsopano. Pakamwa panga sipadadikire kutumidwa.

"Ndi mahedifoni, bwana. Kamutu kakumanzere si kake. Wina wazula kenikeni n'kuikapo ka m'mbali mwa msewu. Kandinamiza sabata yonse."

"Mahedifoni odula aja? Angachite zimenezo ndani?"

"Sindikuloza munthu chala. Koma chigulireni, amene anawagwirapo ndi munthu mmodzi yekha."

Sindidatchule dzina. Lembani zimenezo penapake, owerenga, chifukwa ine ndidadzitonthoza nazo kwa miyezi yambiri. Ndidangoyang'ana pa galasi la situdiyo. Kuseri kwake alamu ankakulunga zingwe za maikolofoni, kuzipachika pa misomali malinga ndi kutalika kwake, uku akuimba chamumtima kanyimbo ka Loweruka kaja.

Abwana adayang'ananso komweko. M'chipinda chosungira zipangizo muja muli maikolofoni oti imodzi ikhoza kugula galimoto.

"Munthu wobera mlamu wake m'nyumba imene akugonamo," adatero pang'onopang'ono, "ndiye ine angandisiye?"

Lachisanu masana adawaitanitsa makiyi. Adawauza kuti palibe mlandu, kungoti mwezi woyeserera watha msanga. Alamu adapereka makiyiwo imodziimodzi, akutchula khomo lake. Potuluka adaima pa tebulo langa, chipewa chili m'manja.

"Alamu, akuti chiyani kodi? Sakundiuza bwinobwino. Ndalakwitsa poti?"

"Tikakambirana kunyumba," ndidatero, n'kulowetsa timitu tanga m'makutu. Timphira tasiponji timatseka phokoso la panja bwino kwambiri. Ndikukulimbikitsani kugula.

6

Kunyumba ndidafotokoza nkhaniyo ku khitchini, mwachisoni choyenera. Mkazi wanga adasiya mpeni pa thabwa.

"Achimwene anga? Amene anayenda wapansi mpaka kutsidya kwa tauni kukabweza ambulera ya eni ake?"

"Umphawi umasintha munthu, mayi."

Pa mawu onse amene ndidalankhulapo chibadwire, amenewa ndi amene ndimawamva bwino kwambiri mpaka lero, mbali zonse ziwiri, popanda bulangete.

Alamu adali ataima pa khomo la khitchini. Sadakalipe. Akadakalipa bwenzi zitandipepukira.

"Alamu, ngati ndinawononga posadziwa, nenani, manja anga ndi okalamba. Koma kuba ayi."

Adapita ku chipinda, adabwera ndi sutikesi yawo, naitsegula pakati pa balaza. Malaya atatu, mathalauza awiri, nsapato zokulungidwa mu nyuzi, ndi kalata ya ku fakitale kuja, yosungidwa mu pulasitiki, yonena kuti mwini wake ndi munthu wokhulupirika. Adatembenuza matumba a jekete, lomwe lija la batani latsopano.

"Sechani," adatero.

Ine sindidaseche. Ndine munthu wophunzira. Ndidakweza dzanja ngati m'busa, n'kunena kuti, "Zatha, alamu. Ine ndakhululuka."

Inde, ndidawakhululukira. Mtima wabwino ngati umenewu sumapezeka paliponse.

Adalongedza zovala zawo mmene zidalili, nanena kuti Lamulungu masana akwera basi. Mkazi wanga sadalire. Adangondiyang'ana nthawi yaitali, osati kumaso, koma cha m'mbali mwa mutu.

7

Loweruka ndidapita kometa. Pobwera ndidapeza kabokosi kanga kali pamalo pake, mkazi wanga akusita, ndipo ndidaganiza kuti mphepo yadutsa.

Lamulungu titatha kudya, alamu adavala jekete, sutikesi ili kale pa khomo. Mkazi wanga adathira tiyi, adapita ku chipinda, nabwera ndi kabokosi kaja. Adakaika pakati pa tebulo.

"Achimwene, khalani pansi, basi siithawa. Bambo, dzulo ndinapita ku sitolo kwanu kuja. Akupatsani moni. Akuti moni kwa a Khutu a nsapato."

Ndidadikira kuti atchule za Lachitatu lija. Sadatchule. Mayi wa magalasi uja amasunga timphira ndi zinsinsi za makasitomala pa shelefu imodzi.

"Pa kamutu kalikonse pali nambala," adapitiriza mkazi wanga. "Yaing'ono, yoonera pa galasi lokuza zinthu. Ya kofiira, ya kabuluu ndi ya pa kabokosi, yonse ndi imodzi. Ndaona ndi maso angawa. Palibe chimene chinasinthidwa."

"Akuba a masiku ano amadziwa kulemba manambala, mayi."

"Achimwene anga analemba nambala pa chitsulo mu mphindi khumi, pa khonde, ndi chikhadabo?" Adakankhira kabokosiko kwa ine. "Mayi aja anandiuza mawu amodzi okha. Akuti musinthanitse."

"Ine sindiyesedwa m'nyumba mwanga ngati mwana wa sukulu."

"Chabwino."

Adadzuka, adazungulira tebulo, naima kumbuyo kwanga cha kumanzere. Ndidamva mpweya wake pa khosi, ndi kaphokoso ngati wailesi ya m'nyumba yoyandikana. Ndidachita chimene ndidachizolowera kwa zaka ziwiri: ndidagwedeza mutu mwanzeru.

"Ndamva," ndidatero.

"Ndati chiyani?"

Ndidayang'ana nkhope ya alamu kuti indithandize. Idali yodabwa chabe.

"Mwati ndipepese."

"Ndati tiyi wanu wazizira."

Palibe adaseka. Mkazi wanga adabwerera pa mpando wake, nayamba kuwerenga pa zala. Foni ndidaisamutsira ku khutu lamanja chaka chatha. Poyenda pamsewu ndimamuzungulira kuti akhale kumanja kwanga, iye n'kumayesa ndikumuteteza ku galimoto. Wailesi ya kanema ndimaikweza mpaka oyandikana nawo nyumba adasiya kugula yawo.

"Ndakhala ndikukuuzani kuti simumva, inu n'kumasangalala ngati ndakupatsani mendulo. Valani, bambo. Kofiira kumanzere."

Ndidavala. Ndidakoka khutu m'mwamba, ndidatsegula pakamwa, ndidadikira kasiponji kafufume. Adaika nyimbo yomwe ija. Kabuluu, kamene ndidakaneneza kuti ndi ka m'mbali mwa msewu, kadaimba m'khutu langa lamanja ngati mngelo. Kofiira kadalowa pansi pa bulangete.

Ndidazula timituto pang'onopang'ono. Ndidagwira kumutu. Aliyense m'chipindamo adaona munthu amene wangodziwa kumene tsoka lake.

Alamu adadzuka, adabwera mbali ya kumanja kwanga, nandigwira pa phewa.

"Pepani, alamu," adatero. "Khutu ndiye khasu lanu. Pepani kwambiri."

Iwo ndi amene adayamba kunena pepani.

8

Dokotala wa makutu adanditsekera m'kachipinda, adandipatsa batani loti ndizidina ndikamva kulira. Kumanja ndidadina ngati katswiri. Kumanzere ndidadina poyamba, kenaka ndidangokhala ndikuyang'ana khoma, iye akulemba. Adandionetsa pepala la mizere iwiri. Wa kumanja udayenda mowongoka. Wa kumanzere udayenda pang'ono, n'kutsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki.

"Munaima pafupi ndi masipika zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Anali mbali iti?"

Ndidakweza dzanja lamanzere.

"Zimenezi sizibwerera," adatero. "Tetezani lotsalalo."

Mudzaganiza kuti apa ndiye chilango chidayamba. Ayi ndithu. Dziko lidandichitira chifundo chochititsa manyazi. Abwana adati matenda sasankha, ndipo ntchito yanga ilipobe. Masiku ano ndimayang'ana timagetsi tija mwaulemu, ndipo mnzanga amamvera nyimbo iliyonse isadatuluke. Chimbale cha kwaya tidachikonza, asopulano adasiya kunola mipeni. Oimba akunditchabe a Khutu, ngakhale ena akuti dzinalo tsopano lalondola, poti ndi limodzidi.

Za alamu ndidapita kukawachonderera abwana. Ndidapitadi, musandichotsere zimenezo. Koma malo awo adali atapatsidwa kale kwa munthu wina, mapepala atasainidwa.

"Ndiponso nkhani ija inafika kale kwa oimba," adatero abwana. "Ena ayamba kumapita ndi magitala awo kunyumba. Mbiri ikatuluka, a Khutu, siimva kuitana."

Alamu adakwera basi patapita sabata. Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, ndipo amatsitsa matumba a simenti pa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Munthu amene ankasunga makiyi a fakitale yonse, tsopano amapatsidwa malangizo ndi woyendetsa lole. Lamulungu lililonse amaimba foni. Akatha kulankhula ndi mlongo wawo amati, "Tandipatsira alamu," ndipo funso lawo ndi limodzi: "Khutu likupeza bwanji?"

Mkazi wanga adandikhululukira. Amauza anzake monyadira kuti ndi iye adatulukira matenda anga, dokotala adangosaina. Pena amawonjezera kuti mwina mayi wa m'sitolo adamutsogolera pang'ono. Koma nthawi zonse amamaliza ndi mawu omwewo, amenenso alamu amanena, amenenso abwana amanena: "Si dala. Munthuyu sankadziwa. Anakhulupiriradi kuti amubera."

Pa mawu amenewa ndi pamene banja langa laima chaka chonsechi. Ndi pamene ndimadyera, ndi pamene ndimagonera.

9

Owerenga anzanga, ena mwa inu mwafika pano chifukwa mukufuna kugula mahedifoni abwino, ndipo sindikufuna mupite chimanjamanja. Yesani timphira tonse, musachite manyazi kutsegula pakamwa m'sitolo. Khutu lililonse lipatseni kake. Besi ikathawa, kamphira sikadatseke. Khutu likapweteka pakatha ola, kamphira kakula. Ndipo mbali imodzi ikamveka yofunditsidwa, sinthanitsani. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Chovuta si kusinthanitsako, koma chimene mudzachite ndi yankho lake, pamene m'chipindamo muli nokha ndipo palibe wakuonani. Yankho lotere likhoza kubisidwa, koma limafuna malo, ndipo malo ake amakhala pamsana pa munthu wina. Langa lili pamsana pa alamu anga, pamodzi ndi matumba a simenti.

Mahedifoni aja ndikadali nawo. Amakhala bwino kwambiri m'makutu. Ndayesa kuwavala foni ya Lamulungu ikalira, koma funso la alamu limadutsa ngakhale kasiponji kakakulu.

Magazini ino mkazi wanga amaigula mwezi uliwonse, ndipo amayambira tsamba lomwe lino, akumwa tiyi, akuseka amuna a eni ake. Akadzafika pa mzere womaliza ndidzakhala pafupi, nditamutembenuzira khutu lakumanja, kuti chimene adzanene ndidzachimve chonse. Kenaka ndidzaimbira alamu, osadikira Lamulungu.

Tsono amene mudasankha dokotala mwalephera, adabwera pomaliza. Amene mudasankha mkazi wanga, iye ankangokayika. Mayi wa m'sitolo adadziwa Lachitatu, koma adachedwa ndi tsiku limodzi.

Woyamba kudziwa ndidali ine. Lachiwiri lija, nditatseka chitseko cha situdiyo, ndidasinthanitsa: kofiira kumanzere, kabuluu kumanja. Ndidabwereza katatu. Bulangete silidasunthe. Apo n'kuti kwatsala masiku anayi kuti alamu awagwire.